Timadontho topanda mpanda m'kati mwa selo: kodi timayatsa bwanji majini?

Lamlungu lina mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira sayansi ya zamoyo pa UNZA, anabwera kwathu ku Chilenje ali ndi kavidiyo pafoni. "Malume, taonani izi. Inu simunatiphunzitse zimenezi." M'kavidiyomo munali timadontho tobiriwira, tozungulira ngati maso a kapenta, tikuyandama pamdima. Tiwiri tinayandikirana, n'kugundana, kenako n'kusanduka kamodzi kokulirapo. Anandiuza kuti zimenezo zikuchitika m'kati mwa selo lamoyo. Mayi anga, amene ankatakasa nkhuku pa mbaula, anasuzumira n'kunena kuti, "Aa, si mafuta a pamsuzi awa?" Tinaseka tonse, koma agogo akewo sanaphonye kwenikweni.

Ndaphunzitsa biology kusekondale zaka zambiri, ndipo mwanayo ankanena zoona. Selo limene timajambula pa bolodi ndi nyumba yaudongo, chipinda chilichonse ndi khoma lake. Timadontho iti mulibe. Komatu kwa zaka zoposa khumi tsopano akatswiri akhala akutilankhula kwambiri, ndipo anatipatsa dzina loti biomolecular condensates. Anthu awiri amene anayambitsa nkhaniyi, Clifford Brangwynne ndi Anthony Hyman, anagawana mphoto ya Breakthrough Prize ya 2023, yokwana madola 3 miliyoni. Mukawerenga pa intaneti mupeza ena akuti sayansi ya selo yatembenuzika, ena akuti n'kukokomeza chabe. Kuti munthu amve chimene akukanganacho, ayenera kuyambira kutali pang'ono.

Jini ndi kuyatsidwa kwake

Chaka chilichonse ndikatchula mawu oti majini m'kalasi, wina kumbuyo amaseka chifukwa akuganiza za mizimu ija ya kwa asing'anga. Majini a pano ndi ena. Jini ndi kachigawo ka DNA, chingwe cha m'selo chimene timatengera kwa makolo, kamene kali ndi malangizo opangira chinthu chimodzi, kawirikawiri puloteni. DNA ya m'selo limodzi la munthu, mutaiwongola, ingatalike pafupifupi mamita 2, koma inapindidwa n'kulowa mu nyukiliyasi, chipinda chapakati cha selo, imene m'mimba mwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000.

Chodabwitsa n'chakuti selo la m'diso ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana. Amasiyana pa majini amene akuwawerenga. Kuwerenga jini ndiko kukopera malangizo ake pa molekyu yotchedwa RNA, ndipo makina okoperawo ndi puloteni yaikulu yotchedwa RNA polymerase II. Jini limene likukoperedwa timati layatsidwa, limene silikukoperedwa timati lazimitsidwa. Oyamba kuonetsa bwino kuti majini ali ndi maswichi anali François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris mu 1961. Iwo anaona kuti bakiteriya amayatsa majini ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akakhalapo.

Kuno kwathu chitsanzo sitichisowa. Makolo a ana odwala sickle cell amadziwa kuti khanda limabadwa looneka labwinobwino, ndipo mavuto amayamba likamayandikira miyezi isanu ndi umodzi. Chifukwa chake n'chakuti mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito mtundu wina wa hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Akabadwa, thupi limazimitsa pang'onopang'ono jini la mtundu umenewo n'kuyatsa la akuluakulu, ndipo la akuluakululo ndilo lili ndi chilema. Chithandizo chotchedwa Casgevy, chimene Britain ndi America anavomereza kumapeto kwa 2023, sichikonza jini lowonongekalo ayi. Chimawononga swichi ya jini lotchedwa BCL11A, limene limazimitsa hemoglobin ya ukhanda, kuti iyakenso. Mwaona nokha kuti nkhani ya maswichi si yachabechabe.

Swichi ili ku Kafue, getsi lili ku Matero

M'nyumba swichi imakhala pafupi ndi chitseko. M'selo la munthu si choncho. Mu 1981 akatswiri anapeza tizigawo ta DNA totchedwa enhancer, timene timakweza mphamvu ya jini ngakhale tili kutali nalo. Pali enhancer ina imene imalamulira jini lokonza zala za manja ndi miyendo ili pa mtunda wa zilembo za DNA pafupifupi 1 miliyoni. Chilembo chimodzi chikasintha mmenemo, mwana akhoza kubadwa ndi chala chachisanu ndi chimodzi.

Mtunda umenewu umafupika chifukwa DNA ndi chingwe chopindika. Malo awiri otalikirana pachingwe akhoza kuyandikana chingwecho chikakhota. Koma kuyandikana pakokha sikukwanira. Pa enhancer pamatera mapuloteni otchedwa transcription factor, amene mwa munthu alipo mitundu pafupifupi 1,600. Amenewa amaitana gulu lina lotchedwa Mediator, lopangidwa ndi mapuloteni pafupifupi 30, ndipo Mediator ndiye mkhalapakati wofikitsa uthenga kwa makina okopera aja.

Kwa zaka zambiri tinkaganiza kuti onsewa amalumikizana ngati kiyi ndi loko, chilichonse pamalo pake, n'kumanga mlatho wolimba kuchokera pa swichi kufika pa jini. Makina oonera zinthu zing'onozing'ono atafika potha kutsata molekyu imodzi m'selo lamoyo, anaonetsa zina. Mapuloteni ambiri otere amangokhala pa DNA masekondi ochepa n'kuchoka. Ndiye funso linabuka: antchito amene sakhazikika chonchi, mu nyukiliyasi yodzaza ndi zinthu ngati City Market pa Loweruka la kumapeto kwa mwezi, amakumana bwanji onse pamalo amodzi pa nthawi yoyenera?

Zipinda za khoma ndi misika ya panja

Selo lili ndi njira ziwiri zosonkhanitsira zinthu. Yoyamba ndi imene timaphunzitsa: kuzinga malo ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta. Nyukiliyasi ndi mitochondria, tizipinda topangira mphamvu ya selo, zili m'gulu limeneli. Zili ngati sitolo ya pa Cairo Road, ya khoma, chitseko ndi mlonda.

Njira yachiwiri ilibe khoma. Taganizani za kamsika kamene kamamera pa siteji ya minibasi dzuwa likapendeka. Palibe anamanga mpanda. Mayi wa chimanga chootcha wabwera chifukwa pali anthu otsika basi, mnyamata wa talk time wabwera chifukwa pali mayiyo ndi makasitomala ake, wa vitumbuwa naye wayala pomwepo. Munthu aliyense akhoza kulowa ndi kutuluka, ndipo amene analipo 5 koloko si amene alipo 7 koloko, koma msikawo ulipo ndithu, ndipo ukhoza kuloza pamene ukuyambira ndi pamene ukuthera. Usiku ukakula umabalalika osasiya chitseko choti wina akiye.

Zinthu zotere m'selo zinaoneka kalekale. Kachibulumwa ka m'kati mwa nyukiliyasi kotchedwa nucleolus, kumene kumapangidwira makina opangira mapuloteni, kanafotokozedwa m'zaka za m'ma 1830. Mu 1899 Edmund Wilson wa ku America analemba kuti za m'kati mwa selo zimaoneka ngati timadontho ta zamadzimadzi tosakanikirana. Mu 1903 Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anajambula timibulu tina ta mu nyukiliyasi ya maselo a ubongo, timene mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Koma panalibe wofotokoza chimene chimagwira zinthuzi pamodzi popanda khoma, ndipo nkhaniyo inagona zaka pafupifupi 100.

Inadzuka mu 2008 pa maphunziro a nyengo yotentha ku Woods Hole m'dziko la America. Brangwynne ndi Hyman, amene ankagwira ntchito ku Max Planck Institute mumzinda wa Dresden ku Germany, pamodzi ndi ophunzira awo ankayang'ana timibulu totchedwa P granules m'kanyongolotsi kotalika milimita imodzi kotchedwa C. elegans. Anthu ankatiyesa timiyala tolimba. Koma ofufuzawo anaona tikudontha, tikuyenderera, tikuphatikizana. Anaonanso kuti timibuluti sitinyamulidwa kupita kumbuyo kwa dzira monga anthu ankaganizira. Timasungunuka kutsogolo n'kuundana kumbuyo, mbali imene pambuyo pake imatulutsa maselo oberekera. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2009. Mu 2011 anaonetsanso kuti nucleolus ya m'mazira a chule imachita chimodzimodzi.

Chimene mayi anga anaona pamsuzi

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani, choncho ndichedwapo.

Thirani supuni imodzi ya mchere m'kapu ya madzi, usungunuka wonse. Pitirizani kuthira, ifika nthawi yoti madzi akana, mchere wotsala ukhala pansi. Pali mlingo umene chinthu chikaupitirira chimadzipatula chokha. Mafuta a nkhuku mumsuzi mlingo wawo ndi wotsika kwambiri. Mamolekyu a mafuta amakonda anzawo kuposa madzi, choncho amadzisonkhanitsa n'kupanga timaso tija timayandama pamwamba. Takasani ndi chipande, tiswekasweka. Siyani mphika ukhale bata, tiyamba kufunana n'kuphatikizana. Mame a m'mawa mu June ndi chimodzimodzi: chinyezi chinali mumpweya osaoneka, kutazizira chinapitirira mlingo n'kuundana pa udzu. Akatswiri amatcha zimenezi phase separation, ndiko kuti kudzipatula kwa zinthu zimene zinali zosakanikirana.

Fanizo la msuzi lili ndi polekezera pake, ndipo ndi bwino ndinene. Timadontho ta m'selo si mafuta. Ndi mapuloteni ndi RNA zothithikana, ndipo m'kati mwake madzi alimo ambiri. N'chifukwa chake mamolekyu amatha kulowa ndi kutuluka.

Nanga chimachititsa puloteni kukonda anzake n'chiyani? Mu 2012 gulu la Michael Rosen la ku Dallas linaonetsa kuti chinsinsi ndi kuchuluka kwa manja. Anapanga mapuloteni okhala ndi malo ogwirira awiri, atatu, anayi, asanu. A manja ochepa anangokhala osungunuka. A manja ambiri anapanga timadontho mwadzidzidzi atangofika pa mlingo wina. Amene anadutsapo m'munda wa chisoso akudziwa zimenezi. Kambewu kamodzi kamagwira thalauza mofooka, ukhoza kukachotsa ndi chala. Koma ukatuluka m'mundamo mwendo wonse uli bii, umakhala pansi theka la ola. Kugwira kumodzi n'kofooka, ndipo kufookako ndiko kumapangitsa kadontho kukhala kamadzimadzi, pakuti dzanja lililonse limagwira n'kusiya, kugwira wina n'kusiyanso. Kuchuluka kwa manja ndiko kumaletsa gululo kubalalika.

Chaka chomwecho gulu la Steven McKnight, la ku Dallas komweko, linaloza ku mbali ina ya mapuloteni imene anthu ankainyoza. Timaphunzitsa kuti puloteni imapindika n'kukhala ndi maonekedwe okhazikika, ndipo maonekedwewo ndiwo ntchito yake. Koma mapuloteni ambiri ali ndi michira yosapindika, yongolendewera ngati ulusi wa pansalu yothetheka, ndipo ma transcription factor ndiwo ali nayo kwambiri. Michira imeneyi ili ndi timalo tambiri tomata mofooka. McKnight anapeza kuti ikathithikana imapanga chinthu chonga phala lopola.

Mwana wa mlongo wanga anandionetsanso momwe amayesera ngati chinthu ndi chamadzimadzi. Amamangirira pa puloteni kachizindikiro kowala mobiriwira, kochokera ku nyama ina ya m'nyanja yotchedwa jellyfish. Kenako amalasa kadonthoko ndi kuwala kwa laser, pamalo polasidwapo n'kuda bii. Ndiye amadikira. Ngati mamolekyu akuyenda, atsopano owala amalowa, ndipo pakapita masekondi ochepa pakudapo payeranso. Ngati chinthucho n'cholimba, chipsera chimakhala chomwecho. Ndinaonerera kangapo. Kuyera kwake kumabwerera mwakachetechete kuchokera m'mbali, ngati madzi obwerera pamene mwatunga ndi chikho pachitsime chosazama.

Timadontho pa jini

Lingaliro loti makina okopera amasonkhana pamalo amodzi silinayambe ndi nkhani ya timadontho. Mu 1993 gulu la Peter Cook la ku Oxford linaona kuti RNA yatsopano imapangidwa pa timalo towerengeka mu nyukiliyasi, ndipo anatitcha mafakitale. Koma iwo ankayang'ana maselo amene moyo wake unali utaimitsidwa, choncho mafakitalewo ankaoneka ngati nyumba zokhazikika.

Amene anaonetsa kuti nyumbazo zimamangidwa ndi kugumuka m'kanthawi kochepa ndi mwana wa mu Africa muno. Ibrahim Cissé anabadwira ku Niamey m'dziko la Niger, anaphunzira physics ku America, ndipo tsopano ndi mmodzi wa akuluakulu a Max Planck Institute ya ku Freiburg. Mu 2013, ali ku Paris, iye ndi anzake anajambula RNA polymerase II m'maselo amoyo, napeza kuti imaunjikana m'timagulu timene timakhala masekondi pafupifupi 5 basi n'kubalalika. Ndimatchula dzina lake m'kalasi dala, kuti ana a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amve kuti sayansi imeneyi ilibe mwini.

Chaka chomwecho cha 2013, Richard Young wa ku Whitehead Institute pafupi ndi Boston anafotokoza za malo a DNA amene ma enhancer ambiri amaunjikana, nawatcha super-enhancer. Malo amenewa amalamulira majini amene amapatsa selo mtundu wake, kuti ili ndi la magazi, ili ndi la minofu. Anali ndi khalidwe lachilendo: ukachepetsa pang'ono puloteni imodzi, mphamvu yawo yonse imagwa kamodzin'kamodzi. Kugwa kotereku kumafanana ndi kwa chinthu chodalira mlingo. Mu 2017 Young, Phillip Sharp ndi Arup Chakraborty analemba kuti mwina pamalopo pamapangika kadontho. Mu 2018 magazini ya Science inasindikiza zotsatira za magulu atatu. Gulu la Young linaonetsa kuti mapuloteni awiri otchedwa BRD4 ndi MED1 amapanga timadontho pa super-enhancer. Gulu la Cissé linaona magulu a Mediator ndi polymerase akuphatikizana m'maselo amoyo a mbewa. Gulu la Robert Tjian ndi Xavier Darzacq la ku Berkeley linaonanso michira ija ikuunjikana, koma iwo anasamala mawu, nangoti ndi timalo tosonkhanira.

Chithunzi chimene chinatuluka n'chotere. Ma transcription factor akatera pa enhancer, michira yawo imakoka Mediator ndi anzake, amenenso amakoka ena. Pamalopo pakathithikana kupitirira mlingo, pamamera kamsika kaja. Polymerase nayo ili ndi mchira wake wautali, mmene kachigawo kamodzi ka ma amino acid 7, tinjerwa tomangira puloteni, kamabwerezedwa ka 52 mwa munthu ndi ka 26 mu yisiti. Mchirawo ndi tikiti yolowera. Ikalowa, imapeza zonse zofunika zili pafupi, moti sifunikanso kuyendayenda mu nyukiliyasi monse. Jini silisowa kukhudzana ndi swichi yake mwachindunji, bola onse awiri akhale m'mphepete mwa msika umodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandisangalatsa m'chithunzichi. Choyamba ndi katulukidwe. Mu 2019 gulu la Young linapeza kuti mchira wa polymerase ukamatidwa timagulu ta phosphate, umasiya kukonda kadontho koyambira n'kuyamba kukonda kadontho kena, ka mapuloteni odula ndi kusoka RNA. Ili ngati minibasi ya pa Kulima Tower: ikadzaza siikhalanso pamzere, imanyamuka kusiyira inzake malo. Chachiwiri ndi kuzimitsa. Mu 2021 anaonetsa kuti RNA ikakhala yochepa imathandiza kadontho kukula, koma ikachuluka imakasungunula, chifukwa cha mphamvu ya magetsi imene RNA imanyamula. Ndiye kuti katundu amene msika ukupanga ndiye amaubalalitsa akachuluka. Zimenezi zikugwirizana ndi chinthu chimene chinadziwika kale, choti majini sayaka mosalekeza ngati nyali. Amaphulika kanthawi, n'kukhala chete, n'kuphulikanso. Mu 2024 gulu la Cissé linaona kuti jini lotchedwa Sox2 limaphulika mwamphamvu ndiponso pafupipafupi kadontho kakaliyandikira.

Timadontho timazimitsanso. Mbali yaikulu ya DNA imapanikizidwa n'kutsekeredwa kuti isawerengedwe, ndipo puloteni yotchedwa HP1 imathandiza pa ntchitoyi. Mu 2017 magulu a Geeta Narlikar ku San Francisco ndi Gary Karpen ku Berkeley anaonetsa kuti HP1 nayo imatha kupanga timadontho.

Phala likasanduka mkute

Nsima ikangophulidwa imakhala yofewa, koma ikagona imauma, ndipo ngakhale muithire madzi sibwereranso kukhala phala. Mu 2015 akatswiri a ku Dresden anaona zotere pa puloteni yotchedwa FUS. Timadontho take tikakhalitsa timalimba n'kusanduka ulusi wokakamira, ndipo mitundu ya FUS yopezeka mwa anthu ena odwala ALS imalimba msanga kuposa yabwinobwino. ALS ndi matenda opha maselo olamulira minofu, aja anadwala Stephen Hawking.

Pa khansa zina, majini awiri amaduka n'kulumikizana molakwika, mchira womata wa puloteni ina n'kukhala pa mutu wa puloteni yogwira DNA. Zotsatira zake n'zoti msika umamera pamalo olakwika, n'kuyatsa majini oyenera kukhala chete. Zimenezi zaoneka pa khansa ya m'mafupa yotchedwa Ewing sarcoma ndi pa khansa zina za m'magazi za ana. Mu 2020 kunapezekanso kuti mankhwala ena a khansa, monga cisplatin, amaunjikana m'timadontho tina kuposa kwina, ndipo makampani opanga mankhwala, monga Dewpoint Therapeutics, anali atakhazikitsidwa kale kuti afufuze mankhwala okhudza timadontho.

Madokotala a ziweto akhala akuona timadontho kwa nthawi yaitali osadziwa. Mu 1903 Adelchi Negri wa ku Italy anapeza timibulu m'maselo a ubongo wa nyama zachiwewe, ndipo kwa zaka zambiri timibuluto tinali chizindikiro chotsimikizira matendawa. Mu 2017 kunaoneka kuti timachita ngati zamadzimadzi, ndipo ndi mmene kachirombo ka chiwewe kamachulukirana. Ka chikuku kamachitanso zofanana.

Alimi nawo ali m'nkhaniyi. M'kachomera kamene akatswiri amakonda kuyeserapo, kotchedwa Arabidopsis, muli puloteni yotchedwa ELF3 imene imatsekereza majini a kukula ndi kuchita maluwa. Mu 2020 kunapezeka kuti kukatentha puloteniyi imaundana n'kukhala timadontho, n'kusiya majini aja ayake. Chomera chimamva kutentha m'njira imeneyo. Mu 2021 kunapezekanso puloteni ya m'njere yotchedwa FLOE1, imene imaundana ikamva madzi ndipo imathandiza njere kuti isathamangire kumera madzi akakhala osakwanira. Aliyense amene anabzalapo chimanga ndi mvula yonyenga ya mu November, n'kuona mbewu ikufera m'nthaka, amvetsa chifukwa chake obereketsa mbewu akutchera khutu.

Pamene akatswiri sakugwirizana

Palibe akutsutsa zoti mapuloteni oyatsa majini amaunjikana m'timagulu. Zimenezo zajambulidwa m'malabotale ambiri. Mkangano uli pa chimene timaguluto tili, ndi chimene timachita.

Okayika, amene ambiri a iwo ndi akatswiri odziwika pa nkhani ya majini, amayamba ndi mayeso. Mapuloteni ochuluka zedi amapanga timadontho m'botolo la mu labotale ukawathithikanitsa mokwanira, ngakhale amene m'selo sachita zimenezo. Kuti aone puloteni bwino, ofufuza nthawi zambiri amakakamiza selo kuipanga yambiri kuposa mwachibadwa, ndipo zimenezo zokha zikhoza kuipitiritsa mlingo. Mankhwala otchedwa 1,6-hexanediol, amene ankagwiritsidwa ntchito kusungunula timadontho ngati umboni, anapezeka kuti amasokonezanso zinthu zina zambiri m'selo. Ngakhale kuyera kobwerera pambuyo pa laser kumangoonetsa kuti mamolekyu akusinthana, ndipo mamolekyu otera pa DNA n'kuchoka amasinthananso. Mu 2019 gulu la Tjian ndi Darzacq linafufuza timalo timene kachirombo ka herpes kamapanga mu nyukiliyasi. Tinali tozungulira, tinkaphatikizana, tinali ndi zizindikiro zonse. Atatsata mamolekyu amodziamodzi anapeza kuti polymerase imangounjikana chifukwa DNA ya kachiromboko ili poyera, yosavuta kuterapo. Anthu akhoza kudzaza pa mpopi wa madzi chifukwa cha mpopiwo, osati chifukwa chokondana.

Oikira kumbuyo amayankha kuti timadontho ta m'selo sitiyenera kufanana ndendende ndi mafuta a m'madzi, kuti m'selo lamoyo zinthu zimatakasidwa nthawi zonse ndi mphamvu imene selolo limawononga, ndiponso kuti DNA ikhoza kukhala ngati udzu umene mame amayambirapo. Dzina loti condensate, limene linakhazikika mu 2017, analisankha dala kuti lisanene njira imene kaguluko kapangikira. Ineyo ndimaona kuti mbali ina ya mkanganowu ndi ya mawu, koma si yonse, ndipo mafunso otsalawo ndi enieni.

Loyamba ndi la kukula. Nucleolus ndi yaikulu, ili ndi mamolekyu osawerengeka, ndipo kuitcha yamadzimadzi n'komveka. Koma magulu ambiri a pa majini ndi ang'ono kwambiri, ena ali ndi mamolekyu makumi angapo, aakuluwo mahandiredi ochepa. Kodi anthu makumi awiri oima pamodzi ndi msika kapena ndi gulu chabe? Malamulo a physics onena za zamadzimadzi anapangidwira zinthu zochuluka, ndipo pamene amayambira kugwira ntchito sipanagwirizanidwe.

Lachiwiri ndi la chimene chimayamba. Kodi kadontho kamayatsa jini, kapena jini loyaka ndilo limakoka khamu? Kuyesa kwake n'kovuta, chifukwa ukadula mchira wa puloteni kuti isapange kadontho, wadulanso dzanja limene imagwirira anzake pa ntchito zina. Ndipo zotsatira sizikuloza mbali imodzi. Mu 2022 kafukufuku wa Shasha Chong ndi anzake anaonetsa kuti kumatana kwa michira kukapitirira muyezo, mpaka kupanga timadontho tooneka bwino, jini limafooka m'malo molimba. Chaka chomwecho gulu la Karsten Rippe la ku Heidelberg linapeza kuti manja ambiri amathandiza kuyatsa jini, koma kupangika kwa kadontho sikuwonjezerapo kanthu. Pa HP1 paja, gulu lomweli linali litanena kale mu 2020 kuti m'maselo a mbewa DNA yotsekeredwa imaoneka ngati chingwe chofinyika, osati kadontho.

Lachitatu ndi la kusankha. Ngati kumatana kwake n'kofooka ndiponso kosasankha kwambiri, n'chiyani chimaletsa kadontho koyatsa kusakanikirana ndi kozimitsa? Nucleolus ili ndi zigawo zitatu zosasakanikirana, china m'kati mwa chinzake, choncho kusankha kulipo. Koma malamulo amene amauza puloteni kuti iwe lowa umu, iwe khala kunja, angoyamba kumene kuwerengedwa.

Ndipo pali funso la odwala. Kodi kulimba kwa FUS ndiko kumapha maselo a minyewa, kapena ndi phulusa la moto umene unayaka kwina? Kodi mankhwala angasungunule kadontho ka khansa osakhudza tina tambirimbiri timene selo labwino limadalira? Mwana wa mlongo wanga anandifunsa ngati zimenezi zidzalowe mu silabasi ya Grade 12. Ndinamuuza kuti akatswiri akamaliza kukangana ndidzafufuta makoma ena pa bolodi, koma pakadali pano ndangoyamba kujambula nucleolus ndi mzere wodukaduka.